Phiri silithawa, tisamalikwere dzuwa lili paliwombo

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, mabolodi a zolengeza pasukulu pano ndi magulu a WhatsApp a m'mipingo yathu amadzaza ndi nkhani za maulendo. A Pathfinder akupita ku Zomba, kwaya ikufuna kukajambulira kanema ku Likhubula, achinyamata apangana za ku Mulanje pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Cholengeza chilichonse chimatchula ndalama ya thiransipoti, mtundu wa malaya oti tonse tivale ndi tsiku lomaliza kulipira. Za madzi sichinenapo kanthu, ndipo ola lonyamukira limene chalemba palibe amene amalikhulupirira.

Maulendo amenewa timawakonda ndipo sitikufuna kuti athe. Wophunzira amene watha miyezi ali pakati pa kalasi, laibulale ndi hositelo amafunika kupita kumene mphepo imaomba popanda chotchinga. Koma maganizo athu ndi akuti gulu lotuluka m'dzina la sukulu kapena la mpingo pakati pa Seputembala ndi Novembala lisamaloledwe kunyamuka ngati atsogoleri ake sadakonze za dzuwa monga momwe amakonzera za basi. Pa ulendo wa kuphiri m'chilimwe, ngozi yaikulu imayambira pamene gulu lachedwa kunyamuka, madzi sadawerengedwe, ndipo amene wayamba kufooka akuchita manyazi kunena.

Tiyambe ndi nthawi. Kummwera kuno m'miyezi imeneyi dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko ndipo limalowa 6 koloko isanakwane. Maola abwino okwerera chitunda ndi oyambirirawo, kuchokera mbandakucha mpaka cha m'ma 9. Tsono taonani momwe maulendo ambiri amayendera. Basi yauzidwa 5 koloko, yafika 6. Msungichuma akudikira anthu atatu amene sadamalize kulipira. Wina waiwala sipika. Panjira paimidwa kuti anthu agule zibwente ndi mandasi. Pofika patsinde pa phiri pali kujambulitsa, ndipo phazi loyamba likuponda chitunda 10 koloko itadutsa. Apa ndiye kuti gawo lovuta kwambiri la ulendo lagwera pa maola otentha kwambiri a tsiku, m'mwezi wotentha kwambiri wa chaka. Mu Okutobala 2023 nthambi yoona za nyengo idachenjeza kuti kutentha kufika madigiri 44 m'chigwa cha Shire. Patsinde pa Mulanje kapena pa Zomba sipafika pamenepo, koma thanthwe limene laotha dzuwa kuyambira m'mawa limabweza kutentha ngati chiwaya, ndipo wokwera amapsa kumwamba ndi pansi pomwe.

Alipo amene anganene kuti izi n'zaulesi wa ana asukulu. Makolo athu amakonza minda m'Okutobala momwemu, amayi amatsika m'phiri atasenza mtolo wa nkhuni popanda botolo lililonse m'manja, ndipo sadafe. N'zoona, koma tiyang'anitsitse momwe amachitira. Mlimi amapita kumunda kusanache ndipo dzuwa likayamba kuswa mtengo amakhala ataweruka kale. Amadziwa pamene pali kasupe ndi pamene pali mthunzi. Koposa zonse, thupi lake lidazolowera. Thupi la munthu limatenga sabata imodzi kapena ziwiri likugwira ntchito padzuwa tsiku ndi tsiku kuti lizolowere kutentha: limayamba kutulutsa thukuta msanga, thukutalo limataya mchere wochepa, ndipo mtima suthamanga monga poyamba. Ife amene timakhala pabenchi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu tilibe mwayi umenewo. Onyamula katundu a ku Likhubula akhoza kukwera ndi chikwama chathu kumsana akucheza, ife tili wefuwefu ndi kabotolo kamodzi. Ngakhale iwowo, mpikisano wawo wotchuka wa Porters Race amauchita mu Julayi, kukuzizira.

Palinso china chimene chidasintha. Mthunzi umene akuluakulu athu amaukumbukira m'mapiri ambiri kulibenso. Aliyense wodutsa mu Blantyre amaona momwe phiri la Ndirande lidayerera, ndipo Soche akutsatira. M'mbali mwa mapiri ena nkhwangwa ndi uvuni wa makala zadya mitengo, ndipo pofika Okutobala moto wolusa umakhala utasiya lupsa lokhalokha. Timitsinje timene wina adamwapo mu Meyi timapezeka titauma. Choncho mawu oti "musavutike, madzi tikawapeza konko" asamamveke kuchokera kwa munthu amene adapitako komaliza zaka zisanu zapitazo, nyengo ya chisanu.

Nanga madziwo achuluke bwanji? Munthu wokwera chitunda padzuwa amataya thukuta lokwana theka la lita mpaka lita yathunthu pa ola, ena kuposa pamenepo. Kuchokera ku Likhubula kukafika kunyumba yogona alendo ya ku Chambe ndi chitunda cha mamita pafupifupi 1,000, ndipo gulu limatenga maola atatu kapena anayi, nthawi zina kuposerapo. Kuwerengetsa kwake n'kosavuta: malita awiri ndiye ochepetsetsa, atatu ndiye abwino, ndipo apo tikunena zokwera zokha. Kabotolo ka mamililita 500 kamene ambiri amagula padepoti kamatha ola loyamba lisanathe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye tikudziwa chifukwa chake anthu amazemba. Koma chikwama chimene chapeza malo a sipika, nsapato zosinthira pojambulitsa ndi botolo la perefyumu sichingasowe malo a mabotolo awiri a Sobo otsukidwa bwino. Ndipo katundu wa madzi ndi yekhayo amene amapepuka ulendo ukamapitirira.

Kamwedwe kakenso n'kofunika. Kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse imathandiza kuposa kugugudiza lita yonse nthawi imodzi ludzu litafika pakhosi. Kumwa kuyambe dzulo lake madzulo ndi m'mawa tisananyamuke, chifukwa ambiri amafika patsinde pa phiri thupi lili louma kale: adagona mochedwa, sadadye, ndipo m'basi adapewa kumwa poopa kuimitsa dalaivala. Chizindikiro chosanama ndi mkodzo. Ukakhala woyererako, zili bwino. Ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, kapena munthu watha maola ambiri osafuna kutaya madzi, thupi lauma.

Apa pali nkhani imene sikambidwa m'makomiti okonza maulendo, mwina chifukwa ambiri mwa okonzawo ndi amuna. Alongo athu ambiri amadzimana madzi dala paulendo. Paphiri palibe chimbudzi, tchire lidapsa, anyamata ali ponseponse ndi mafoni m'manja, ndiye mtsikana amaona kuti ndi bwino kupirira ludzu kusiyana ndi kupempha gulu la anthu 60 kuti liime. Kulalikira za ubwino wa madzi sikungathetse zimenezi. Chimene chingathetse ndi mtsogoleri wamkazi amene walengeza poyambirira kuti gulu liziima pa nthawi zoikika, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, ndipo chitenje chizigwira ntchito ya mpanda. Zikakhala mwambo wa ulendo, palibe amene amafunika kukweza dzanja.

Madzi okha sakwanira. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo munthu amene wamwa madzi ambirimbiri kwa maola ochuluka osadya kanthu akhoza kusungunula mchere wa m'magazi mwake mpaka kudwala. Zizindikiro zake zimasokoneza chifukwa zimafanana ndi za kuuma kwa thupi: mutu, nseru, kusanza, kusokonezeka. Anzake poona zimenezi amamuwonjezera madzi, vuto n'kumakula. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amaletsa kupitirira lita imodzi ndi theka pa ola, ndipo n'chifukwa chake kamba wa paulendo si nkhani ya mkamwa mokha. Mtedza wokazinga wothira mchere, mbatata yophika, nthochi, chigumu, chimanga chokazinga: zonsezi ndi zotsika mtengo ndipo zimagwira ntchito kuposa mabisiketi. M'chikwama cha mtsogoleri muzikhala mapaketi angapo a Thanzi ORS. Akasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimapanga chomwecho. Thobwa ndi labwino m'mawa, koma amene adalisungapo m'chigubu padzuwa mpaka masana akudziwa momwe limasinthira khalidwe. Za zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija, zimene ena amazidziwa bwino nyengo ya mayeso ngakhale savomera, tingonena kuti kafini ndi shuga wochuluka zimathamangitsa mtima umene ukuthamanga kale ndi chitunda.

Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera ndipo amazizira bwino, ndipo pamwamba penipeni pa Mulanje ambiri amamwa osadwala. Koma kumunsi, kumene kumadutsa anthu otola nkhuni, ocheka matabwa ndi magulu ena ngati lathu lomwe, kuyera kwa madzi si umboni. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sitidaiwale. Kabotolo ka WaterGuard n'kopepuka. Pamangofunika kutsatira muyeso wolembedwa pabotolopo ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe, zimene zikutanthauza kuti madzi azitungidwa mabotolo asanaume, osati aliyense ali kakasi ndi ludzu.

Tsopano tifike pa chimene tikuchiona kuti ndi chachikulu. Kutentha kumagwetsa munthu m'magawo awiri, ndipo kusiyanitsa magawowa ndi kumene kumapulumutsa moyo. Gawo loyamba ndi kulefuka. Munthu amatuluka thukuta kwambiri, amamva chizungulire, mutu umawawa, minofu ya m'miyendo imakokana, amachita nseru, koma mukamufunsa dzina lake ndi kumene ali amayankha bwinobwino. Ameneyu akhale pamthunzi, amasule zovala, agone miyendo itakwezedwa pang'ono, amwe pang'onopang'ono, ndipo ulendo wake wokwera wathera pomwepo ngakhale atanena kuti wapeza bwino. Gawo lachiwiri ndi pamene thupi lalephera kudziziziritsa ndipo kutentha kwa mkati kwapitirira madigiri 40. Pamenepo ubongo umayamba kusokonezeka. Munthu amadzandira ngati woledzera, amalankhula zosamveka, wofatsa amayamba ukali kapena kutukwana, ena amagwa n'kumaphupha, ena amakomoka. Ambiri adamva kuti wotere khungu lake limakhala louma, koma wachinyamata amene wagwa akukwera phiri nthawi zambiri amakhala akadali ndi thukuta. Choyang'ana ndi mutu wake, osati khungu.

Tikunena izi motsindika chifukwa cha kumene tikukhala. Phiri la Mulanje lili ndi mbiri ya mizimu, ndipo dzina loti Sapitwa lokha limauza munthu zimene anthu akhala akukhulupirira. Mnzathu akayamba kubwebweta ndi kuphupha pamalo otere, n'kosavuta kuti gulu la achinyamata opemphera liganize za ziwanda, limuzungulire, liyambe kuimba ndi kudzudzula, mphindi n'kumapita. Sitikuletsa pemphero. Koma wopemphera apemphere manja ake akuthira madzi. Wodwalayo achotsedwe padzuwa, avulidwe zovala zokhuthala, athiridwe madzi thupi lonse, ena akumukupiza ndi zitenje kapena makatoni, nsalu zonyowa zili m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ngati pafupi pali mtsinje wosaya, amukhazike m'madzimo mpaka m'mapewa, anthu atamugwira mutu. Wosokonezeka kapena wokomoka asamwetsedwe kanthu chifukwa angatsamwe. Panado sathandiza pamenepa, popeza uku si kutentha kwa malungo. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, kunyamula kubwere pambuyo, ndipo ngakhale atatsitsimuka apite kuchipatala chifukwa impso ndi chiwindi zimatha kuvulala mosaonekera. Kuphiri kulibe ambulansi yofika pathanthwe. Netiweki imapezeka pena, pena ayi. Wodwala amatsika pamachira onyamulidwa ndi anthu, ndipo zimenezo zimatenga maola. Chithandizo chimene chingamupulumutse ndi chimene ali nacho anzake m'mphindi 30 zoyambirira.

Munthu safika pa gawo lachiwiri mwadzidzidzi. Amadutsa kaye pa loyamba, ndipo nthawi zambiri amadutsapo ali chete. Apa ndi pamene khalidwe la gulu limalowerera. Kutsogolo kumakhala anyamata a mpira amene asandutsa ulendo kukhala mpikisano. Akafika pamthunzi amapuma, ndipo otsalira akangowapeza iwo amadzuka n'kunena kuti tiyeni, kotero amene amafunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma n'komwe. Wonena kuti watopa amasekedwa, ndipo mawu ake amakhala nthabwala ya m'basi pobwerera. Mwana wa Pathfinder wa zaka 11 amene akufuna kusangalatsa mlangizi wake sanganene kuti akuona mdima m'maso. Ndiye liwiro la gulu liziikidwa ndi woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, munthu wamkulu wodalirika aziyenda kumapeto kwenikweni, ndipo aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira amene angathe kunena kuti uyu sakuyankhula monga amachitira. Mtsogoleri adziwe ulendo usanayambe amene wangochira malungo kapena kutsegula m'mimba sabata yomweyo, amene ali ndi shuga, amene amamwa mapiritsi a BP okodzetsa, amene ali ndi matenda a sikoselo. Abale athu akhungu lachialubino akhale ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa, ndipo gulu lisawaike pamzere wojambulitsa padzuwa kwa theka la ola. Yunifomu yathunthu ndi ya perete. Paphiri pamafunika zovala zopepuka ndi zowala, ngakhale sikafu ija ikanyowetsedwa n'kuikidwa m'khosi imathandiza ndithu.

Pali miyambo iwiri ya kwathu kuno imene ikufunika kuiganiziranso. Woyamba ndi wokayenda m'chilengedwe pa Sabata masana. Ndi mwambo wokoma, koma umayamba tikangomaliza nkhomaliro, cha m'ma 2 koloko, m'mimba muli tho, ena akadali m'masuti ndi nsapato za kutchalitchi. M'Okutobala ola limenelo ndi loipitsitsa pa tsiku lonse. Palibe chimene chingatayike ngati pulogalamu ya masana itayambira pamthunzi, kuyendako n'kuyamba 4 koloko, pamtunda waufupi woti tibwerere kusanade. Wachiwiri ndi wokwera phiri kukapemphera uku tikusala kudya ndi kumwa komwe. Sitikukayikira mtima wa ochita zimenezi. Koma mpingo umene umaphunzitsa kuti madzi ndi kudziletsa ndi mbali ya moyo wathanzi sungayang'ane kumbali pamene achinyamata ake akukwera chitunda cha maola atatu padzuwa la chilimwe osalawa dontho. Amene watsimikiza kusala asale pamalo pamene sayenera kukwera. Amene watsimikiza kukwera amwe. Abusa ndi akulu a mpingo akanena zimenezi poyera, wachinyamata sangaone ngati botolo la madzi ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa.

Tisaiwale kuti phiri lomwelo limene limawotcha kumunsi limazizira kumwamba. Pa mamita 1,000 alionse amene takwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Sapitwa ali pa mamita 3,002. Wokwera atanyowa ndi thukuta akafika pamwamba n'kukumana ndi mphepo kapena nkhungu amayamba kunjenjemera msanga. Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil amene adasowa pa Sapitwa mu Julayi 2009 atasiyana ndi womuperekeza, adafa ndi kuzizira. Juzi ndi pepala la pulasitiki lotchinga mvula zizikhala m'chikwama ngakhale patsinde pakuwotcha, makamaka mu Novembala pamene mvula yoyamba imabwera ndi ziphaliwali ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Operekeza alendo a ku Likhubula amalipiritsa, ndipo komiti imene ikufuna kuchepetsa bajeti imayamba ndi iwowo. Ife tikuti iyambe ndi malaya osindikiza. Woperekeza ndi amene amadziwa kuti njira ya Skyline ndi yachidule koma yoima ndi yopanda mthunzi wokwanira, kuti ya Chapaluka ndi yotalikirapo koma imatsata madzi, ndi kuti ndi kasupe uti amene akadali wamoyo mwezi uno. Amadziwanso kuti Dziwe la Nkhalamba, limene aliyense wotenthedwa amafuna kudumphiramo, ndi lakuya ndi lozizira kwambiri, ndipo lamizapo anthu.

Chovuta pa zonsezi ndi kubwerera osafika pamwamba. Anthu alipira, ena asunga ndalamayo kwa miyezi iwiri, chithunzi cha pansonga ndi chimene aliyense akufuna kuika pa Facebook, ndipo mtsogoleri amene anganene kuti tibwerere pano amadziwa kuti adzatchedwa wamantha. N'chifukwa chake chigamulocho chisamasiyidwe kuti chipangidwe paphiri, pamene aliyense watopa ndipo nsonga ikuoneka ngati ili pafupi. Ola lobwerera ligwirizanidwe pamsonkhano wokonzekera, lilembedwe pacholengeza chomwe chija pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo likakwana gulu litembenuke pamene lafika. Chimodzimodzi madzi: theka likatha, ulendo wokwera watha, pokhapokha woperekeza atatsimikiza kuti kutsogolo kuli potunga. Kunyamuka m'mamawa kuli ndi mtengo wake. Nthawi zina kumafuna kukagona pafupi ndi phiri, m'kalasi ya sukulu kapena m'tchalitchi cha abale athu a kumeneko, ndipo ngati ulendo ndi wa Lamlungu ndiye kuti zogula zonse zithe Lachisanu dzuwa lisanalowe. Ofesi yoona za ophunzira ndi mabodi a mipingo amene amavomereza maulendowa ali ndi mphamvu yofunsa mafunso amenewa asanasaine, ndipo tikuwapempha kuti azifunsa: mukuyamba kukwera nthawi yanji, aliyense watenga malita angati ndipo awerenga ndani pakhomo la basi, wodziwa chithandizo choyamba ndi uti, chipatala chapafupi ndi chiti.

Potsika ndi pamene ambiri amapezeka mabotolo ali gwa, miyendo ikunjenjemera, ndipo kumunsi kumene akulowera n'kotentha kuposa kumene achokera. Munthu wouma thupi saponda bwino, ndipo mabondo ndi akakolo ambiri amavulala pa ola lomaliza limeneli. Choncho gawo la madzi lisungidwire potsika, ndipo m'basi mutsale zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza, zoikidwa kumthunzi, dalaivala atauzidwa kuti si zothira mu injini.